Chipsepse chapakati cha longboard: ndisankhe chotani?

Wofunsa

Moni nonse. Ndili ndi longboard (thabwa lalitali losewerera pa mafunde a panyanja) ya mafiti 9 ndi mainchesi 4 imene ndinaigula itagwirapo kale ntchito, ndipo inabwera ndi chipsepse chapakati chapulasitiki cha mainchesi 7, chija chimakhala pansi pa thabwa cha kumchira. Thabwali lili ndi malo awiri am'mbali oikamo tizipsepse ting'onoting'ono, koma tizipsepseto palibe. Vuto langa ndi lakuti ndikayamba kuyenda cha ku mphuno ya thabwa, ndikangoponya phazi kawiri kapena katatu, mchira umatuluka m'madzi, thabwa limaterereka cham'mbali, ine n'kugwa chagada. Mafunde amene ndimaseweramo kawirikawiri ndi olekeza m'chiuno ndipo amasweka pang'onopang'ono. Ndimalemera makilogalamu 82. Kodi ndigule chipsepse chotalika bwanji, ndipo cha maonekedwe otani? Mayina monga pivot, flex, D fin ndi cutaway ndawaona, koma sindikumvetsa kusiyana kwake zikalowa m'madzi.

Yankho loyamba

Achimwene, chipsepse muli nachocho sichinapangidwe kuti chizigwira ntchito chokha pa thabwa lalitali chomwecho. Msinkhu wa mainchesi 7 ndi wa kaikidwe kotchedwa 2+1, pamene chapakati chimathandizana ndi tiwiri tam'mbali, ndipo ndikukhulupirira kuti mwini wake woyamba anachotsa tiwirito asanakugulitseni. Chipsepse chikakhala chokha, osewera ambiri amayambira pa muyeso wa inchesi imodzi pa fiti iliyonse ya thabwa. Kwa inu ndiye kuti mainchesi 9 kapena 9.5, koma poona kulemera kwanu komanso kuti mtima wanu uli ku mphuno, ine ndingakwere mpaka 10.

Utali wokha sukwanira. Mukatenga chipsepse m'manja, yang'anani kukula kwa tsinde lake pamene chimakhudza thabwa, kupendekera kwake cham'mbuyo, ndiponso m'lifupi mwa nsonga yake. Cha pivot chimaima njo, ndipo nsonga yake ndi yotambalala. Mukaima ku mphuno, kulemera kwanu kumatukula mchira, kotero kuti gawo limene limatsala pansi pamadzi ndi nsongayo. Ikakhala yotambalala imagwirabe, ikakhala yowonda imataya, ndipo zotsatira zake ndi kugwa kumene mwafotokozaku. Kuipa kwa pivot n'kwakuti chimachepetsako liwiro, ndipo kuti mukhote muyenera kubwerera kumchira n'kuponda mwamphamvu ndi phazi lakumbuyo, thabwa litembenuke pamalo amodzi ngati chitseko.

D fin ndi ya matabwa olemera a kalembedwe kakale, a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo imavuta kukhotetsa, musavutike nayo. Cutaway, imene tsinde lake ndi lodulidwa kumbuyo, imayenerana ndi tizipsepse tam'mbali ndipo singakuthandizeni pa vuto lanuli.

Yankho lachiwiri

Ndikugwirizana ndi anzanga pamwambapa pa nkhani ya msinkhu, koma pa pivot ndikuona mosiyana, ndipo chifukwa changa chili pa thabwa lenilenilo. Longboard yopangidwira kuimapo ku mphuno imakhala yolemera, ya mchira waukulu, m'mbali mwake mobulungira kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, ndipo zambiri zimakhala ndi kachigwa pansi pa mphuno. M'mbali mobulungiramo madzi amakwera n'kukuta mchira, ndiye amene amaupanikiza. Thabwa limene lili ndi malo a tizipsepse tam'mbali, monga lanulo, nthawi zambiri limakhala lopepuka ndiponso lakuthwa m'mbali cha kumchira, kuti madzi azilisiya msanga pokhota. Mukaliika pivot yaikulu lidzagwira ndithu kuposa panopa, koma mudzalilanda chimene limachita bwino popanda kulisandutsa thabwa la mtundu winawo. Pitani mukapapase m'mbali mwa mchira ndi chikhatho chanu; mukamva mpeto wakuthwa, mwadziwa thabwa limene muli nalo.

Mkangano uwu ndi wakale. Tom Blake, wosewera pa mafunde wa ku America, anaika chipsepse pa thabwa mu 1935 ku gombe la Waikiki ku Hawaii, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 zotsatira zipsepse zambiri zinali zazikulu ndi zouma gwa, ntchito yake inali kungowongola thabwa. George Greenough wa ku California ndiye anabwera ndi china chosiyana, atatengera maonekedwe a zipsepse za nsomba ya tuna: tsinde lokulirapo, thupi lopendekera m'mbuyo, nsonga yowonda imene imapindika. Mu 1966 Nat Young wa ku Australia anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi ku San Diego, mumzinda wa ku America, ali ndi chipsepse cha Greenough pa thabwa lake, pa nthawi imene ambiri ankaona kuti luso lonse lili pa kukhalitsa ku mphuno. Chimene anthu amati flex lero chinachokera kumeneko. Pokhota nsonga imapindika, ndiye ikamawongoka imakankha thabwa kutsogolo, ndipo munthu amakumva kukankhako m'mapazi mwake.

Ine ndingakusankhireni chapakatikati, monga chipsepse chotchedwa Greenough 4A cha mainchesi 9.75, chifukwa tsinde lake ndi lokwanira kugwira mukapita kutsogolo ndipo nsonga yake imalola kukhota mosalala. Pogula flex muwonjezere pang'ono pa muyeso uja, popeza nsonga yowonda sigwira madzi ambiri ngati ya pivot ya msinkhu womwewo. Ndipo gulani cha fiberglass (chopangidwa ndi ulusi wagalasi woumitsidwa ndi utomoni). Pulasitiki wofewa amapindika paliponse, ngakhale pa tsinde, ndipo sabwerera ndi mphamvu.

Yankho lachitatu

Musanagule chilichonse, onani pamene chipsepsecho chakhala m'bokosi mwake, kangalande kaja ka pansi pa thabwa momwe chimalowa. Bokosi lapakati analipanga lalitali dala, ambiri ndi a mainchesi 10.5, kuti muzitha kuchisuntha. Chikapita kumbuyo thabwa limagwira kwambiri ndipo limayenda mowongoka. Chikabwera kutsogolo limamasuka ndi kukhota msanga. Muzisuntha theka la inchesi nthawi imodzi, lembani kachizindikiro ndi pensulo pambali pa bokosi, kenako sewerani masiku awiri kapena atatu musanasinthenso, apo ayi simudzadziwa ngati chasintha ndi chipsepse kapena mafunde a tsikulo. Mumange kasikuluwu bwinobwino pa kachitsulo kake kam'kati. Ine ndinachita mphwayi tsiku lina, ndipo pa funde lachitatu thabwa linangozungulira pansi panga. Nditaligubuduza ndinapeza bokosi lili pululu.

Chinanso, ndipo mundikhululukire, n'kutheka kuti vuto lina lili pa malo amene mumayambira kuyenda. Mukapita ku mphuno muli kutali ndi pamene funde likusweka, mchira ulibe madzi oupanikiza ndipo palibe chipsepse chimene chingaugwire. Yambani mwachepetsa liwiro mpaka thovu lifike pafupi ndi mchira, kwezani thabwa cha kumtunda kwa funde, ndiyeno muziyenda modutsanitsa mapazi mopepuka.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndapapasa mchira monga munanenera, ndipo m'mbali mwake ndi mwakuthwadi pa gawo lomalizira. Chipsepse chakalecho ndinachipeza chili kutsogolo kwenikweni kwa bokosi, chinthu chimene sindinachiganizirepo chigulire thabwali. Mnzanga wina wandibwereka pivot ya mainchesi 9.5 ndipo ndaiyesa kawiri. Ku mphuno ndinafikako ndi phazi limodzi mchira osatuluka, koma pokhota ndinkamva ngati ndikukoka chinthu pansi pamadzi, ndipo mafunde awiri anandisiya ndisanatembenuke. Sabata ino ndiyesa 4A ya mainchesi 9.75, ndiyambira nayo chakumbuyo kwa bokosi, ndipo pensulo ndaika kale m'thumba la thabwa.