Mapadi ochapa akudontha komanso akuchedwa kuuma, tikonze pati?

Mlangizi wa Mother Group, Lirangwe: Akuluakulu, tithandizeni nzeru. Mapadi amene amayi akusokera atsikana a Sitandade 6 mpaka 8 akudontha pakati, ena ayamba fungo. Timaika nsalu yofewa pamwamba, zidutswa zitatu za thaulo pakati, PUL (nsalu yomatidwa pulasitiki wopyapyala mbali imodzi, yosalowa madzi) pansi, n'kusokera zonse pamodzi. Atsikana ena abwerera ku nyanda, ena akumangokhala pakhomo akakhala kumwezi.

Telala, Limbe: Mayi, vuto lili pa kusokera zonse pamodzipo. Paliponse pamene singano yaboola PUL pamasanduka njira ya magazi. Yambani mwasokerera thaulo ku nsalu yapamwamba yokha. PUL ibwere pomaliza, isokedwe m'mphepete basi, mbali yonyezimira itayang'ana ku thaulo. Poigwirizira musabaye mapini pakati, panani ndi mapegi. Ulusi ukhale wa polyester, chifukwa wa kotoni umayamwa n'kutulutsira chinyezi kunja.

Mlangizi wa Mother Group, Lirangwe: Nanga thaulolo tiwonjezere?

Telala, Limbe: Ayi, mungochedwetsa kuuma. Koma muzichapa nsalu musanadule. Yatsopano siyamwa bwino, ndipo ikafota mutasoka kale padi amapindika. Onaninso zimene mukutola pa kaunjika. Fleece, nsalu ya polyester yokhala ngati kabulangete, ndi yofewa koma sisunga madzi, isalowe pakati. Donthezerani madzi pa nsaluyo, akangokhala pamwamba osalowa, isiyeni.

Aphunzitsi aakazi, Chileka: Za fungozo ine ndikuona kuti si sopo ayi, ndi kayanikidwe. Mtsikana sangayanike padi pa chingwe abambo ake ndi alongo ake akuona. Amakamubisa kuchipinda, mwina pansi pa mphasa, kumene sangaume. Nyengo ya mvula, kapena chiperoni cha June ndi July kuno ku Blantyre, padi wokhuthala amafika tsiku lachiwiri adakali wonyowa mkati. Akamuvala choncho ndiye fungo ndi kuyabwa.

Wophunzitsa zosoka, Lunzu: Madamu alasa. Ndiye patulani padi akhale zinthu ziwiri, chogwirira ndi choyamwa. Sokani chogwirira chopyapyala chokhala ndi PUL, mapiko opindira kunsi kwa panti ndi batani lopanikiza, kutalika masentimita 25, cha usiku 30. Pamwamba pake ikani timalamba tiwiri. Choyamwa chikhale pachokha, nsalu ya kotoni yofewa ya masentimita 25 mbali zonse, yopinda patatu n'kulowetsa m'timalambamo. Tsiku limene magazi achuluka aphatikize ziwiri. Akachapa amaitambasula, imauma msanga, ndipo pa chingwe imangooneka ngati mpango. Sankhani mitundu yakuda kapena ya maluwa kuti kuthimbirira kusaoneke. Mtsikana mmodzi mumupatse zogwirira ziwiri, zoyamwa zosachepera zisanu ndi chimodzi, ndi kathumba kosadontha kotengera zimene wavula kusukulu. Mapanti awiri musawasiye. Popanda panti mapiko alibe pogwira, ndipo mwana sangakuuzeni yekha kuti alibe.

Namwino, Mpemba: Ndiwonjezere za kachapidwe. Aziviika m'madzi ozizira kwa mphindi 30, chifukwa otentha amamatiza magazi ku nsalu. Kenako sopo wamtanda, n'kutsukuluza mpaka thovu litatha, poti sopo wotsalira amayabwitsa komanso amalepheretsa nsalu kuyamwa. Ayanike padzuwa. Ngati akuchitabe manyazi aphimbe ndi chitenje chopyapyala. Simbi ikhudze choyamwa chokha, PUL imasungunuka. Asinthe pakadutsa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo asabwerekane, ngakhale pachibale. Kuyabwa kukapitirira kapena kukatuluka chikazi chonunkha, abwere kuchipatala.

Mlangizi wa Mother Group, Lirangwe: Tamva. Nanga amene tinasoka kale aja titaye?

Telala, Limbe: Osataya, mayi. Asomboleni. Thaulo lichapidwe bwino ligwirenso ntchito, mabatani muchotse mosamala. PUL yobooka pakatiyo yokha ndiyo isabwerere pansi pa padi. Musanasoke ambiri, sokani mmodzi, mumuike pa nyuzipepala youma, muthirepo masupuni awiri a madzi, mupanikize ndi dzanja, muone ngati pepala lanyowa.