Matayala akumbuyo akukwecha bodi, ndipinde mafenda kapena ndisinthe marimu?

Kamtedza_RS:
Akuluakulu ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Altezza RS200 ya 2001, mwezi watha ndinaitsitsa ndi ma coilover (mashoko okhala ndi sipuling'i omwe umatha kukweza kapena kutsitsira galimoto) ogula kwa munthu, pafupifupi zala ziwiri kutsogolo ndi kumbuyo komwe, nde sabata yathayi ndapezanso marimu a 18x9 (mainchi 18 kukula, 9 m'lifupi) offset 35 (mamilimita kuchokera pakatikati pa limu kufika pomwe imamangidwa pa galimoto) ndi matayala ake a 225/40 (225mm m'lifupi, khoma lake lalifupi). Ikaima kukongola kwake musanene, pa car wash anyamata mpaka kuijambula. Koma ndikangonyamula anthu awiri kumbuyo nkuponda hampu kumamveka khweee ngati wina akung'amba nsalu, dzulo ndinatenga mayi ndi thumba la ufa kuchokera ku Lunzu mpaka anandifunsa ngati galimoto yathyoka. Nditasuzumira ndapeza tayala lachekeka kamzere kuzungulira mphepete monse ndipo kamlomo ka mkati ka fenda kakuwala, penti yonse yapalika. Kuti kamlomoko kapindike, wina akuti ndipite kwa okonza bodi akangomenya ndi hamala, wina akuti ndilowetse paipi pakati pa tayala ndi bodi nkumakankha galimoto pang'onopang'ono. Amene munapangapo, penti siimasweka? Nanga ukapinda ungabwezenso?

Mdala_wa_Spana:
Achimwene musanakhudze bodi tiwerengere kaye. Marimu amene Altezza yanuyo inabwera nawo ngati anali a 17 aja ndi 17x7 offset 50. Inu mwaika 9, kusiyana ndi mainchi awiri, inchi imodzi yapita mkati ina yatuluka kunja, inchi ndi 25.4mm. Pa offset mwachoka pa 50 kufika pa 35, ndiye kuti limu yonse yasunthira kunja ndi 15mm. Phatikizani mupeza kuti mlomo wa limu watuluka ndi 40mm, mkati mwayandikira shoko ndi 10mm. Komanso 225/40R18 ndi lalitali kuposa 215/45R17 ndi pafupifupi 12mm, nde 6mm yakwera m'mwamba pomwe inu bodi mwaitsitsa. Kupinda kamlomo kaja kumakupatsani malo ochepa chabe, m'lifupi mwa kamlomoko basi, sikungameze 40mm yonse. Kubweza iwalani, chitsulo chikapindika chapindika.

Kamtedza_RS:
Eee bwana masamu amenewa ine sindinapange, ndinangoona kuti mabowo a manati ndi 5x114.3 ofanana ndi anga nkulipira kkkk

Jozi_Static:
Aise kuno ku Johannesburg zimenezi nza tsiku ndi tsiku, ma Polo ndi ma Golf amakhala pansi ngati akufuna kununkhiza tala. Ine yanga ndinapinda ndekha nde ndikuuze mmene zimakhalira. Pali chida chake fender roller, umachotsa tayala nkuchimanga pa hub ndi manati omwewo, chili ndi mkono ndi kagudumu ka pulasitiki kumapeto kamene kamayenda mkati mwa fenda uku ndi uku. Koma chinsinsi si chidacho ayi, ndi kutenthetsa. Umatenga heat gun nkumaiyendetsa osaima malo amodzi, penti itenthe moti ukaika dzanja sukhalitsa koma isachite matuza, chapakati pa madigiri 50 ndi 60, nde umakankha pang'ono, kutenthetsanso, kumangitsa screw theka, kuyendetsanso, mbali imodzi imatha kukudyera ola lathunthu ndipo ukapupuluma umva kaphokoso kakang'ono kakuti tche, ukamva kameneko dziwa kuti penti yang'aluka basi. Usanayambe tsuka mkati mwa mlomomo ndi burashi, mumakhala matope ouma ndi timiyala, ukapinda tili momwemo timatulukira kunja ngati ziphuphu pa bodi. Ndipo jeke uike pansi pa arm, chitsulo chogwira hub cham'munsi, kuti hub ikwere ifike pamene imakhala galimoto ikaima, apo ayi mkono wa chida sugwira bwino. Za paipi zija zimatheka, ku America amagwiritsa ndodo ya baseball, koma fenda imatuluka mafundemafunde ukaiyang'ana cha m'mbali dzuwa likamalowa, ine sindingapange pa galimoto yomwe ndimaikonda.

NaPhiri_265:
Koma abale inu, misewu yake iti? Ku Joni kuli bho, kuno hampu iliyonse mumadutsa chopingasa ife kumbuyo tikudikira ndi ana a sukulu. Mvula ikangoyamba maenje atseguka mudzalira ndi tayala la 40 limenelo. Kwezani galimoto mayi azikwera mwamtendere.

Mdala_wa_Spana:
Achemwali akunena zoona pang'ono kkk. Ubwino wa coilover ndi womwewo, kwezani kumbuyo ndi 10mm muone. Ndipo ena akuuzani kuti mupendeketse matayala, camber ija, kuti mutu wa tayala ulowe mkati. Pang'ono ndi bwino, Altezza ikatsika imapendekeka kale yokha, koma mukaonjeza tayala limadyeka mkati mokha kunja kukuoneka latsopano, mumadzazindikira mawaya atatuluka.

Bambo_a_Chiko:
Ine ntchito yanga ndi ya bodi ndi penti, zaka zambiri ndithu, ndiye ndiyankhulepo pa zomwe anzanga sanatchule. Galimoto ya 2001 yadutsa m'manja ambiri, simudziwa kuti inagundidwapo pati. Tengani maginito, olo ka pa chitseko cha fuliji kaja, mukulunge kansalu muyendetse m'mphepete mwa fenda yonse. Pomwe sikakugwira bwino pali fila, phala lomwe timamata pamalo ogundidwa tisanapente. Fila sapindika, olo mutenthetse bwanji amasweka nkugwa chibanthu ngati chikhokho cha nsima, ndiye ntchito imene mumati ya tsiku limodzi yasanduka yopala, kuthira fila wina ndi kupenta mbali yonse, mtundu wa penti yakale kuti ufanane ndi nkhani inanso.

Chachiwiri, kumbuyo sikufanana ndi kutsogolo. Fenda ya kutsogolo ndi lata limodzi lomanga ndi mabawuti, ikaonongeka mumasula nkugula ina kwa ophwasula magalimoto. Kumbuyo ndi bodi yeniyeni, malata awiri ophatikizidwa ndi welding pa kamlomo komweko, nkolimba ndipo mukalakwitsa palibe chomasula. Ndiye hamala ayi chonde, pokhapokha munthu wake akhale wodziwa ndipo agwirizize ndi chitsulo kuseri. Komanso musalole kuti adule kamlomoko ndi grinder, akadula pomwe pali welding malata awiri aja amalekana madzi nkumalowa.

Mukamaliza kupinda mwapanga kangalande kosunga madzi ndi matope. Pakani primer, penti yoyamba ya pansi ija, pomwe penti yapalika, mutseke ndi seam sealer yomatira polumikizana malata, pamwamba underseal wakuda uja woteteza ku dzimbiri. Ndinalandirapo ina yomwe anapinda osapaka kanthu, mvula ziwiri zokha dzimbiri linali litatulukira kunja penti itatupa, chala chimalowa.

Kamtedza_RS:
Zikomo nonse, ndabwera ndi lipoti. Bambo a Chiko maginito anu andikhumudwitsa kkkk, kumanja akugwira bwinobwino koma kumanzere chapamwamba pa tayala akungotsetsereka malo ngati chikhatho changa, ndipo amene anandigulitsa analumbira kuti sinagundidwepo. Nde kumanzere sindikhudza kaye. Ndakweza kumbuyo ndi 10mm monga ananenera a Mdala, ndayesa ndi anzanga awiri onenepa pa hampu ya kwathu, kumanja kwasiya koma kumanzere kukukwechabe pang'ono ndikalowa mothamanga. Pali munthu akufuna tisinthane, iye ali ndi 18x8 offset 45, ndawerenga ndekha ndapeza atuluka 18mm yokha m'malo mwa 40, a Mdala ndionereni ngati ndalondola. Vuto ake ndi akuda ndipo imodzi inakhulidwa pa ngalande.

Mdala_wa_Spana:
Mwalondola, theka la inchi 12.7 kuphatikiza 5 ya offset. Yokhulidwayo kaizungulitseni kaye pa makina a balancing muone ngati siikuvina musanapereke anuwo.