Za ana aja, tiwayese kaye kapena tingoyamba?

Wapampando: Madzulo abwino nonse. Nkhani ija tinaisiya panjira Lamulungu ku Area 23. Achinyamata anayi omwe akudikira zotsatira za MSCE avomera kumaphunzitsa ana kuwerenga kwathu ku Mitundu, mwana mmodzi mmodzi, masana akaweruka. Ndiye aphunzitsi athu opuma akuti tiwayese kaye anawo tisanayambe, ena mukukana. Tikambirane pompano.

Msungichuma: Ine sindinasinthe. Mthumba muli zochepa, ndiye tiziwononga pa mafotokope ndi thiransipoti kukayesa ana oti tikudziwa kale kuti sawerenga? Tigule mabuku ndi makope basi ntchito iyambe

Aphunzitsi opuma: Achimwene, mukati sawerenga mwamanga ana onse mtolo umodzi, koma mkatimo muli mavuto osiyana. Ine Standard 2 ndayiphunzitsa mpaka imvi. Pali mwana ukamuonetsa lembo m amangokuyang'ana, sadziwa kuti limamveka bwanji. Pali wina ma me mi mo mu amayimba bwinobwino koma umuuze aphatikize mu ndi tu kuti apange mutu, kwatha. Wina amawerenga ndithu koma ngati ngolo yatitimira m'matope, pofika kumapeto kwa chiganizo wayiwala komwe anayambira. Ndiye pali wothamanga uja ngati wowerenga uthenga wa maliro pa wailesi, umufunse kuti nkhaniyi ikukamba za ndani, zii. Anayi amenewa mukawapatsa phunziro lofanana atatu mwawataya, ndiye ubwino wa mmodzi mmodzi uli pati?

aNabanda a ku Chinsapo: Aphunzitsi akunena zoona. Wanga wa Standard 4 uja ankandiwerengera buku lake la kusukulu bwinobwino ine nkumanyada kwa anzanga ku mpopi, tsiku lina magetsi atazima ndinamupatsa Baibulo ndi tochi ya foni kuti andiwerengere Masalimo 23, mwana anayamba kulira. Kani buku lija anangoliloweza, amayang'ana chithunzi nkuyamba kuyimba. Zaka zinayi ine osadziwa

Msungichuma: Ndiye mayesowo si abwereza zomwezo? Awerenga zoloweza nkukhoza

Aphunzitsi opuma: Nchifukwa chake sitigwiritsa buku la mkalasi. Ndipo si mayeso a MANEB, palibe kukhoza kapena kulephera. Umakhala ndi mwana pansi pa mtengo mphindi 15. Pepala loyamba malembo osakaniza, atchule liwu lake. Lachiwiri maphatikizo. Lachitatu mawu opeka opanda tanthauzo monga fubo kapena zime, amenewo sangawaloweze kulikonse, akawawerenga ndiye kuti amaphatikizadi. Kenako kankhani kakafupi komwe sanakaonepo, umatchera foni mphindi imodzi nkuwerengetsera mawu omwe wawerenga molondola, nkumufunsa mafunso pakamwa. Ndi mmene EGRA imayendera, yomwe ija amayesera ana a makalasi oyambirira, ndipo pulogalamu ya boma ya National Reading Programme yomwe inayamba 2016 ya Standard 1 mpaka 4 imatsindika zomwezi, maliwu a malembo, kuphatikiza, kuwerenga mosadodoma ndi kumvetsa. Sitikupeka zathu ayi.

Chomaliza ndi dikiteshoni, ndipo apa ndi pamene ndimaonera zambiri. Mawu khumi okha. Nkhuku akalemba kuku kapena nkuku ndiye kuti h uja sakumumva, phala azilemba pala. Ng'ombe akalemba ngombe ndiye sakusiyanitsa ng' ndi ng ya ngozi. Bambo akalemba damdo ndiye b ndi d akuwatembenuza. Mawu ena ndi monga ntchito, mphaka, mtedza. Pepala lija osangochonga nkulemba 3 pa 10, mmene walakwitsiramo ndi momwe muli phunziro loyamba la mwanayo.

Mnyamata wa ku Kawale: Koma agogo bwanji tikulimbana ndi Chichewa choti ana amayankhula kale? Standard 5 zonse zimapita mu Chingelezi ndipo PSLCE imawagwetsa ndi Chingelezi chomwecho

Aphunzitsi opuma: Kuyankhula ndi kuwerenga ndi zinthu ziwiri mdzukulu wanga. Chichewa chimalembedwa mmene chimamvekera, a ndi a paliponse. Mu Chingelezi a wa cat ndi a wa cake ndi osiyana. Mwana woti sanathe kuphatikiza m'chiyankhulo cha amayi ake umuyambitse kumeneko? Amene adutse bwino Chichewa tiwayesa Chingelezi tsiku lomwelo, palibe vuto.

Alongo a ku Joni: Moni nonse ndachedwa ndinali ku ntchito. Mafotokope ndilipira ine, msungichuma asadandaule kkkk. Koma chonde muonenso maso ndi makutu, ine ndinabwereza Standard 3 kawiri anthu nkumati ndine mbuli, kani sindimaona pa bolodi, tinali chikhamu mkalasimo zaka zija sukulu yaulere itangoyamba 1994, ndani akanazindikira

aNabanda a ku Chinsapo: Nkhawa yanga ndi imodzi. Kumudzi nkhani sichedwa, mawa pa chigayo amva kuti mwana wa uje wa Standard 6 sadziwa a e i o u, anzake azimuseka mpaka asiya sukulu, makamaka atsikana akuluakulu aja. Zotsatira zisawerengedwe pa asembule kapena pa msonkhano wa makolo chonde. Adziwe womuphunzitsa ndi kholo lake basi, ngakhale muno musatumize mayina

Wapampando: Mfundo imeneyo yalowa mayi. Komanso tisangofika ngati eni sukulu, tidzere kwa a hedi ndi a komiti, a mother group atithandize kulankhula ndi makolo, a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale aja a ku likulu la zoni (TDC), adziwe, ndipo amfumu ndiwaimbira ndekha.

Msungichuma: Chabwino ngati achemwali alipira mapepala ine ndavomera. Koma oyesawo ndi ndani, ana a Form 4 omwewo? Amenewo akaona mwana akuvutika azimunong'oneza yankho chifukwa cha chisoni, ndikuwadziwa

Aphunzitsi opuma: Kkkk zoona, nanenso ndinkatero ndili wachinyamata. Abwere kwathu Loweruka mmawa ndiwaonetse, ayeserere pa adzukulu angawa. Mwana akakakamira uwerenge chamumtima mpaka katatu nkumuuza apitirire, osamuuza yankho, osakwinya nkhope. Mapepalawo tisunge, teremu ikamatha tidzayesenso ndi kankhani kena kuti tione ngati ndalama zathu zikugwira ntchito.

Mnyamata wa ku Kawale: Kutayipa nditayipa ine, munditumizire mawuwo pa WhatsApp. Koma tichite changu mvula isanayambe, ikangogwa theka la anawo akhala ali kumunda

Msungichuma: Ndipo thiransipoti ya aphunzitsi kupita ku Mitundu ichokera mu zopereka za mwezi uno, zomwe anthu asanu ndi awiri simunapereke. Mukudzidziwa, kapena nditchule?