Gulu la Chitukuko cha Kwathu, Nchalo: masamba a nzimbe afiira

Mlembi: Abale, onani zithunzi. Nzimbe za m'munda wa gulu zafiira masamba. Achimwene a ku Joni atumiza K300,000 ya mankhwala.

A Kapitawo: Musagule kanthu kaye. Wina apite kumunda, atembenuze tsamba, akhudze kunsi ndi chala. Chikatuluka ndi fumbi lofiirira ngati la chitsulo chakale, ndi dzimbiri, matenda a nzimbe oyamba ndi fangasi. Imayamba ngati timadontho tachikasu, kenako timatalika motsata tsamba n'kuphulika kunsi. Pachithunzi chachiwiri ndikuona zimenezo.

Aphunzitsi: Koma bambo, si nsabwe zachikasu zija? Nazonso zimafiiritsa masamba.

A Kapitawo: Nsabwe mumaziona ndi maso, zimaunjikana kunsi kwa masamba akale m'mbali mwa mtsempha. Sizisiya fumbi. Ndiye ndati chala, aphunzitsi. Mankhwala a nsabwe sapha fangasi, mungomwaza ndalama.

Achimwene a ku Joni: Ine ndalamayo ndatumiza kwa Mlembi dala. Za mlatho zija pambuyo pa Freddy zinadutsa kwina, mpaka lero tikuwoloka pamitengo.

Amayi Msungichuma: Nenani dzina, achimwene. Malisiti ali m'kope, bwerani mudzawerenge. Simenti inanyowa, si ine ndinagwetsa mvula.

Achimwene a ku Joni: Matumba onse, mayi?

A Kapitawo: Taimani. Dzimbiri imakonda nzimbe zazing'ono, za miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi, makamaka kukazizira, masamba n'kugona ndi mame kapena chiperoni. Zathuzi zili ndi miyezi ingati?

Mlembi: Inayi.

A Kapitawo: Ndiye nthawi yake ndi ino. Mankhwala amateteza masamba atsopano, tsamba louma silidzuka. Mukachedwa nzimbe n'kutseka mizere, wopopera sadutsamo, ndipo kukatentha matendawa amachepa okha. Funsani alangizi mankhwala ovomerezeka a fangasi pa nzimbe, osati a m'botolo losalembedwa a pamsika.

Mnyamata wa ku Zingwangwa: Bwanji osangotentha munda?

A Kapitawo: Mphwanga, fumbilo limabwera ndi mphepo kuchokera m'minda ya anzathu. Mutentha nzimbe zosakhwima, zophukira zidzagwidwanso. Nkhani yeniyeni ndi mbewu. Mitundu ya mayina oyamba ndi N imene timabzalayi imachokera ku SASRI, bungwe lofufuza za nzimbe ku Mount Edgecombe pafupi ndi Durban, ndipo ina imapirira dzimbiri, ina ayi. Ndinanena pamsonkhano kuti tigule mbewu yodziwika dzina. Munatenga ya mlamu wa munthu wina, lero palibe angatchule mtundu wake.

Amayi Msungichuma: Mlamu wanga anapereka ulere. Mwaiwala?

Aphunzitsi: Zaulere zimenezi.

Amayi Msungichuma: Aphunzitsi, inu za mwezi simunasonkhe kuyambira Januwale, khalani chete.

Mlembi: Chonde ulemu, muli amfumu muno. Nanga sipuleya ya gulu ili kwa ndani?

Achimwene a ku Joni: Zinali ziwiri.

Mnyamata wa ku Zingwangwa: Imodzi ndinaiona kudimba la tomato Khirisimasi. Sinditchula.

A Kapitawo: Mafunso a sipuleya Loweruka. Ine ndikufuna munthu mmodzi apite mawa m'mamawa ndi chala chake. Ndani?

Mlembi: Ine ndili kumaliro ku Ngabu.

Amayi Msungichuma atuluka m'gulu.