Espero inamira bwanji?

Mnyamata wa ku Matero: Akuluakulu, ndikupanga kachifanizo ka Espero, sitima yankhondo ya Italy, ndi malata amene ndinagula ku Soweto Market. Inali ndi mizinga ingati? Nanga inamira bwanji?

Amalume a ku Chilenje: Mwanawe, ikapo mizinga inayi ya mamilimita 120, iwiri kutsogolo, iwiri kumbuyo. Inamira pa 28 June 1940 paulendo wa ku Tobruk, doko la ku Libya, ili ndi sitima zinzake ziwiri, Ostro ndi Zeffiro. Kaputeni wake, Enrico Baroni, anatsalira dala, nafukiza utsi kuti zinzakezo zithawe adani, ndipo zinathawadi. Nkhaniyi imandigwira mtima.

Amayi a ku Kabwata: Inamizidwa ndi Sydney, sitima yankhondo ya ku Australia, imene inavuula anthu 47. Baroni anamira nayo.

Mnyamata wa ku Matero: Zikomo, makolo anga. Utsiwo ndiupanga ndi thonje.