Agogo ayamba kugwa pafupipafupi, tiwathandize bwanji?

Mdzukulu wa ku Bembeke:
Agogo athu aakazi ali ndi zaka 78. Mwezi uno agwa kawiri, konseko m'bandakucha popita kuchimbudzi. Amamwa mankhwala a BP. Tiyambire pati?

Wa ku Linthipe:
Achemwali, yambirani pa mankhwalawo. Ngati ndi mapiritsi a HCT (hydrochlorothiazide), amakodzetsa, ndipo akamwedwa madzulo munthu amadzuka kangapo usiku. Ayenera kumwedwa m'mawa. Komanso munthu wachikulire akadzuka mwadzidzidzi, magazi amachedwa kufika kumutu, n'kuchita chizungulire. Azikhala kaye pamphepete pa bedi mphindi imodzi kapena ziwiri, akugwedeza mapazi, kenaka n'kuimirira atagwira chinthu. Musawasiyitse mankhwala nokha. Pitani nawo kuchipatala ndi bukhu lawo, akawayeze BP atagona, kenaka ataimirira. Akaonedwenso maso: ng'ala amachotsa, ku Nkhoma amachita opaleshoni imeneyi.

Mmisiri wa ku Lizulu:
Usiku asamatulukenso, makamaka ndi nkhungu ya ku Dedzako. Chidebe chovundikira chikhale pafupi ndi bedi, tochi kumutu. Kunjuta ndiye kumagwetsa ambiri, chifukwa mawondo amakana podzuka. Khomani mpando wamatabwa wotalika masentimita 45, wobowola pakati, uikidwe pabowo la chimbudzi, ndipo pambali muzike mtengo wolimba wogwira. Miyala ya m'bafa muzikwecha, ndere zimaterera kuposa matope. Mphasa yopindika m'mphepete ichoke panjira, patapata nayenso ataye, avale nsapato yogwira chidendene.

Za ndodo anthu amalakwitsa. Ataima chilili manja ali pansi, chogwirira chifike pamfundo ya dzanja. Yaitali imakweza phewa, yaifupi imaweramitsa. Kunsi kwake khomanipo kachidutswa ka tayala. Aigwire kumbali ya mwendo wabwino, osati wopwetekawo.

Wa ku Linthipe:
Ndionjezepo. Musawakhazike pakhonde tsiku lonse poopa kuti agwa, miyendo imafookeratu. Azidzuka pampando n'kukhalanso kakhumi, m'mawa ndi madzulo, wina ali pambali. Akagwa n'kulephera kuponda, mwendo ukuoneka waufupi ndipo phazi lapendekera kunja, mwina fupa la m'chiuno lathyoka. Musawakoke kapena kuwakweza pakabaza. Agonekeni pachitseko, mupeze galimoto ya kuchipatala cha boma ku Dedza.