Potifoliyo ya masters ya Audio Production: kulira kwa jenereta kwalowa m'ntchito yanga

aTembo, Kapata

Akuluakulu, moni nonse. Ndikufuna kulembera masters ya Audio Production ku UK. Maso anga ali pa mayunivesite a Salford ndi Westminster, ndipo ndalama ndikuyang'ana kwa Chevening, thandizo la maphunziro la boma la UK. Digiri ndili nayo ya Mass Communication ya ku UNZA, ndipo ndakhala ndikujambula ndi kusakaniza mawu pa wailesi ina kuno ku Chipata.

Chandiimitsa ndi potifoliyo, zitsanzo za ntchito zanga zoti nditumize ku yunivesite. Ntchito zomwe ndimazinyadira ndi ziwiri: sewero la pa wailesi la m'Chichewa lokamba za alimi a mtedza, ndi ingoma yomwe ndinajambula ku Mtenguleni pa Nc'wala. Sewerolo tinalijambula mu 2024, pomwe madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti ankazima pafupifupi tsiku lonse. Tinkadalira jenereta, nthawi zina invetala. Pa sipika ya wailesi silimveka vuto, koma ukavala hedifoni pali kulira kosalekeza pansi pa mawu a osewera onse. Ndaika notch filter, sefa yochotsa phokoso la pamalo amodzi, pa 50 Hz, kwachepa koma sikunathe. Mnzanga wina akuti ndisiye zonsezi, ndipange nyimbo zitatu za Afrobeats mu pulogalamu ya pakompyuta ya FL Studio, zoyera bwino, nditumize zimenezo. Mukuona bwanji?

aPhiri, Katete

ATembo, tiyambe ndi kulirako. Notch yanu yalephera pa zifukwa ziwiri. Magetsi athu ndi a 50 Hz, koma kulira sikukhala pamenepo pokha, kumabwereranso pa 100, pa 150, pa 200, kumapitirira chokwera. Mwatseka khomo limodzi, ena onse ali pululu. Chachiwiri, jenereta yaing'ono sigwira 50 Hz ndendende. Wina akayatsa ketulo kapena mota injini imalemedwa, liwiro limatsika, ndipo kulira kumasuntha nako. Notch yokhazikika imatsala pamalo ake phokoso litachoka kale.

Tsegulani fayilo mu spectrogram, chithunzi choonetsa mawu ngati mizere, ngakhale Audacity ili nayo ndipo njaulere. Mukaona mizere yopingasa yowongoka, notch zopyapyala zingapo zikwanira. Mukaona mizere yokhotakhota, pafunika chida chotsatira phokoso pomwe likupita, monga De-hum ya mu iZotope RX. Magawo a invetala ndiwo ovuta kwambiri ngati inali ya modified sine wave, yotulutsa magetsi osasalala, chifukwa imalira ngati njuchi mpaka kumtunda komwe kumakhala mawu a munthu. Mukachotsa mwamphamvu osewera amamveka owuma ndi opyapyala. Ndibwino kusiya kulira pang'ono kusiyana ndi kupha mawu.

Kodi matraki a maikolofoni iliyonse payokha mudakali nawo, kapena mwatsala ndi mix yomaliza yokha?

aTembo, Kapata

Ndili nawo onse aPhiri, ali pa hard drive, WAV 48 kHz. Ndatsegula monga mwanenera. Mizere ikukhotakhota ndithu, ndipo chondidabwitsa nchakuti kulira kwambiri kuli pa thiraki imodzi yokha, ya kiyibodi yomwe tinkaimbira nyimbo zolumikiza magawo.

aPhiri, Katete

Basi mwapulumuka. Imeneyo ndi ground loop, kulira kobwera zipangizo zikalumikizana ndi earth panjira ziwiri: kiyibodi ndi mikisa zinali pa masoketi osiyana ndipo waya wake unali unbalanced, wotola phokoso mosavuta. Musavutike kuitsuka, jambulani kiyibodiyo mwatsopano kudzera mu DI box (kabokosi kolumikizira chida choimbira ku mikisa) yokhala ndi batani la ground lift lodula loop imeneyo, laputopu itachotsedwa pa chaja. Pa mawu a osewera ikani high-pass, sefa yodula mawu apansi, pafupi ndi 80 Hz ndi De-hum yopepuka.

NaZulu, Lusaka (kwathu ku Petauke)

Achimwene, za waya aPhiri amaliza. Ine ndikambe za malangizo a mnzanu uja, chifukwa andipweteka mtima.

Ganizirani munthu amene adzatsegule potifoliyo yanu. Wamvera kale ntchito za ofunsira ambiri, ndipo ochuluka atumiza nyimbo zopangidwa m'kompyuta ndi ma sample omwewo. Nyimbo ya mu FL Studio imakhala yoyera chifukwa palibe mpweya womwe wadutsa pa maikolofoni, ndiye siionetsa ngati mumadziwa kuika maikolofoni, kulimbana ndi chipinda cholira, kapena kusunga mawu a anthu asanu olankhula mosinthana kuti aliyense amveke pamalo pake. Sewero lanu likuonetsa zonsezi. Ingoma ya ku Mtenguleni ikuonetsa kuti mumatha kujambula panja, pakati pa khamu, fumbi ndi mphepo, popanda mwayi wouza anthu kuti bwerezani. Mukabisa zimenezi mwabisa umisiri wanu weniweni.

Kuti ndi Chichewa musade nkhawa. Dulani gawo la mphindi zitatu kapena zinayi, mulembe m'Chingelezi mwachidule zomwe zikuchitika. Kenako pa ntchito iliyonse lembani ndime imodzi: munagwiritsa ntchito maikolofoni ati, munawaika pati, vuto linali chiyani, munasankha chiyani ndipo chifukwa chake. Nkhani ya jenereta ilembeni momwemo, ndipo ngati malo alola ikani masekondi makumi awiri a momwe zinalili musanakonze. Masters ndi sukulu ya anthu otha kufotokoza chifukwa chomwe anachitira chinthu, ndipo ndime zimenezi ndizo zimaonetsa zimenezo.

Koma werengani tsamba la yunivesite iliyonse payokha, chifukwa chiwerengero cha ntchito ndi kutalika kwake zimasiyana.

aBanda, Chipata

NaZulu akamba zoona, koma pamodzi ndisiyane nawo pang'ono. Maphunziro awa ali ndi mbali yaikulu ya kujambula ndi kusakaniza nyimbo mu studio. Potifoliyo ya sewero ndi ingoma yokha ingawasiye ndi funso ngati aTembo amatha mix ya nyimbo ya matraki ambiri. Ndiye nyimbo imodzi ikhalepo, koma ya anthu amoyo. Makwaya tili nawo ambiri kuno, a RCZ, a Katolika, ena oimba ndi magitala ndi ng'oma. Pemphani imodzi, mujambule m'tchalitchi pakati pa sabata m'mawa, msewu usanayambe phokoso la njinga zamoto. Maikolofoni awiri a stereo kutsogolo, ina pafupi ndi wotsogolera, ina pa ng'oma, zonse pa rekoda ya mabatire kuti za malaiti zisakukhudzeni.

Pa kukweza mawu, musapanikize mix kuti ifanane ndi zomwe timamva m'minibasi. Sewero liikeni pa -23 LUFS, muyezo wa EBU R128 womwe mawailesi a ku Ulaya amatsata, ndipo mulembe kuti mwatero. Nyimbo ingakhale pafupi ndi -14 LUFS, true peak, nsonga yokwera kwambiri ya mawu, isapitirire -1 dB. Tumizani WAV ya 24-bit pa Google Drive, ndipo linki muiyese pa foni ya munthu wina kuti mutsimikize kuti ikutseguka popanda kupempha chilolezo.

aJere, Mtenguleni

Mwana wathu, pa ingoma ndili ndi mawu awiri. High-pass ija aPhiri anena ndi ya sewero, musaiyandikitse ku ingoma. Mphamvu ya ingoma ili m'mapazi a amuna akamaponda nthaka pamodzi, ndipo kugunda kumeneko kumakhala pansi penipeni. Mukadula pamenepo mutsala ndi kuomba m'manja kwa amayi ndi nyimbo, thupi lake litachoka.

Chachiwiri ndi ulemu. Nc'wala ndi mwambo wa Inkosi ya Makosi Mpezeni, ndipo magulu ovina amachokera kwa mafumu awo. Kujambulira wailesi ndi nkhani ina, kutumiza kunja m'dzina lanu ndi nkhani inanso. Pitani kwa mtsogoleri wa gulu lomwe munajambula, mufotokoze, akupatseni chilolezo cholembedwa, ndipo dzina la gululo lilembedwe pa ntchitoyo. Ngati mukuganizanso za Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, kumbukirani kuti Gule Wamkulu ali ndi zoonekera pabwalo ndi zina za kudambwe zosajambulidwa. UNESCO inamuzindikira mu 2005, koma eni ake akadali mafumu a Achewa pansi pa Kalonga Gawa Undi.

aTembo, Kapata

Zikomo kwambiri aJere, ndidzabwera ndekha kudzaonana ndi akuluakulu a gululo. Ingoma sindiikhudza kumunsi. Ndiye potifoliyo ikhala sewero, ingoma ndi kwaya. Funso lotsala ndi la kuntchito: sewerolo linajambulidwa ndi zipangizo za wailesi, kodi ndili ndi ufulu wolitumiza?

NaZulu, Lusaka

Pemphani kalata kwa manijala wa siteshoni yololeza kuligwiritsa ntchito pofunsira sukulu, ndipo inene kuti wojambula ndi wosakaniza munali inu. Kalata yomweyo ipempheni pamodzi ndi yotsimikizira zaka zanu zantchito, chifukwa Chevening imafuna maola 2,800, omwe ndi pafupifupi zaka ziwiri. Kawirikawiri amatsegula mu Ogasiti, ndipo tsiku lotseka limasintha chaka ndi chaka, choncho lioneni pa tsamba lawo msanga. Mudzasankha makosi atatu, ndiye funani lachitatu loonjezera pa Salford ndi Westminster. Kufunsira ku yunivesite ndi kwapadera, Chevening sikuchitirani. Mukamaliza maphunziro amafuna mubwerere ku Zambia kwa zaka zosachepera ziwiri, ndipo pa nkhani yofotokoza zomwe mudzachite mukabwerera, apa ndi pomwe ntchito ya mawailesi a kum'mawa kuno ndi kusunga nyimbo za makolo zikulowa.

Za IELTS, mayeso a Chingelezi, lemberani yunivesite iliyonse mufunse ngati ilandira kalata ya ku UNZA yonena kuti munaphunzira m'Chingelezi. Ikakana, mayeso amalembedwa ku Lusaka kudzera ku British Council, ndipo zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri.

aPhiri, Katete

DI box ndili nayo, ndi rekoda ya Zoom H6 yomwe ingakwanire maikolofoni a kwaya aja aBanda anena. Loweruka ndikubwera ku Chipata kudzagula zinthu, ndidzakusiyirani. Mugule mabatire a AA okwanira, phantom power, magetsi omwe rekoda imapatsa maikolofoni, imawadya msanga. Mukamaliza kiyibodi munditumizire mix ngati document, osati voice note, chifukwa WhatsApp imafinya mawu ndipo sindingamve ngati kulira kwathadi.